Utoto Si Mpanda

Ntchito yanga imayamba mzinda wa Bogotá ukagona,
ngati umagona n'komwe.
Teni koloko usiku timandandalika tizisoti tofiira pamsewu,
ine ndi Eliécer wa chifuwa chosatha uja,
chisanu cha ku Monserrate chikutiboola mafupa.
Ndimagwada paphula,
ndimayala lata lobooledwa,
ndimapopera utoto.
Ndikanyamula latalo
pansi pabadwa njinga yoyera,
yopanda mwini, yopanda tcheni,
matayala ake osaphwa.

Ndabereka zingati zotere?
Ndinaleka kuwerenga.

Mwana wanga Yurany amadzuka ine ndikubwerera.
Timakumana pakhomo kwathu ku Bosa,
ine ndikununkha utoto, iye sopo.
Amakolopa m'chipatala ku Chapinero,
ola ndi theka akupalasa.
Ndimatsina matayala ake ndi chala,
ndimafinya mabuleki,
nyali yakumbuyo ndimaipukuta ndi malaya anga.
Amati, Bambo, munayesa kale dzulo.
Ndimati, dzulo linapita ndi zake.
Chipewa cholimba amavala monyinyirika,
ati chimamuphwanyira tsitsi.

Amatsata mzere wanga mpaka pamlatho.
Pamenepo mzere umatha.
Osati msewu unatha, ayi.
Kapitawo anapinda pepala nati ndalama zalekezera pano,
ife n'kutsuka mabulashi, n'kukweza zitini.
Kuchokera apo mwana wanga amasambira yekha
pakati pa mabasi ndi malole a simenti,
mamita mazana atatu
amene ine sindinalembe.

Duván, mwana wa a Nohemí a nyumba yachitatu,
ankabereka zakudya za eni m'bokosi kumsana.
Lachiwiri lina, mvula ikuwaza,
lole inakhotera kumanja.
Dalaivala akuti sanamuone.
Ndikumukhulupirira.
Galasi lili ndi malo amene siliona,
ndipo Duván anali wochepa thupi.
Msuzi wa munthu wina unayenderera phee
mpaka pomwe mzere wanga unathera.

Loweruka a Nohemí anabwera akukankha njinga yakutha,
nati, inu ndinu odziwa utoto.
Ndinaipaka yonse,
chishalo, masipoko, ndi belu lomwe,
ndi utoto womwewo wotsala m'chitini cha khonsolo.
Tinaimanga ndi unyolo papholo la magetsi.
Tsopano njinga zanga zoyera zili mitundu iwiri.
Zambirizo zagona pansi, zikulonjeza.
Imodzi yaima chilili
ndipo sinena kanthu.

Lamlungu amatseka misewu ikuluikulu, galimoto zisadutse.
Ana amapalasa mokhotakhota,
agalu, nkhalamba, ogulitsa madzi a malalanje,
mzinda wonse ukupuma ngati wodwala amene malungo amusiya.
Ikakwana thu koloko amachotsa zotchinga
chilombo n'kudzukanso ndi njala yake.

Eliécer amati tisamadzinamize,
utoto si mpanda,
tayala la lole silinapite kusukulu.
Sakunama.
Kawiri konse ndalembera akuluakulu
kupempha tizipupa ta konkire m'mbali mwa mzere.
Kawiri konse ayankha kuti alandira.

Usiku wathawu titaweruka
m'chitini munatsala theka.
Ndinapita pamlatho paja ndekha,
wopanda tizisoti, wopanda chilolezo,
ndinagwada pafupi ndi njinga ya Duván
n'kupitiriza mzere ndi bulashi yam'manja.
Wakhota pang'ono, dzanja linkanjenjemera,
malole akundipemerera mphepo m'khosi.
Mapazi makumi anayi,
utoto n'kutha.

M'mawa uno Yurany wadutsa pomwepo.
Kaya wauona, kaya.
Ndakhala pampando, nsapato sindinavule,
khofi wazizira m'kapu,
foni ili pabondo.
Akafika amalemba mawu awiri okha,
Ndafika, Bambo,
ndipo ine ndimagona.

Sikisi koloko yadutsa ndi mphindi zinayi.